Wa ku Thanki Sapita Kwawo pa Khirisimasi

Ndinachoka ku Zingwangwa mwana wanga Tiyamike asanayambe kulumikiza mawu bwinobwino. Mayi ake anamubereka mpaka pa depoti ya Wenela, ndipo basi ili pafupi kunyamuka anamutembenuzira kuzenera kuti anditsanzike. Iye sanandiyang'ane. Maso ake anali pa mayi wina amene ankagulitsa nthochi. Ndinadzitonthoza kuti ndi khanda, ndipo ndikadzabwera pa Khirisimasi ndidzamupeza atachangamuka.

M'basi imeneyo ndinakhala mpando umodzi ndi Che Sumaili a ku Mbayani. Tinkadziwana kale, chifukwa iwo ankakonza njinga zamoto pafupi ndi sitolo imene ine ndinkagulako zipangizo pa maganyu anga olumikiza mipope ya madzi. Ndi iwo amene anamva kwa mlamu wawo kuti fakitale ina ku Joni ikufuna anthu. Sikunali ku Joni kwenikweni. Kunali kumunsi, kudera la minda ya nzimbe loyandikana ndi nyanja yamchere, koma kwathu kuno dziko lonselo timangolitcha Joni.

Fakitaleyo inkapanga mafuta oyendetsera magalimoto kuchokera ku makoko a nzimbe ndi utuchi. Zinyalalazo ankaziwotcha m'ng'anjo yotsekedwa, yopanda mpweya wokwanira kuti ziyake, ndipo utsi wake ankauziziritsa ndi kuutsuka mpaka utasanduka mafuta. Che Sumaili, pokhala wodziwa mainjini, anawaika kumbali imeneyo. Ine atamva kuti ndimadziwa mipope, a kapitawo, bambo wachikulire wa Chizulu, ananditengera kuseri kwa fakitale kumene alendo sankaonetsedwako.

Kumeneko n'kumene kunkathera madzi onse otsukira utsi uja. Ankafika akuda ngati tiyi wopanda mkaka amene waiwalidwa pamoto, akununkha mwaye ndi viniga, pamwamba pake pakuyandama phula. Anali aukali moti ankadya chitsulo. Malamulo a dzikolo sankalola kuti atayidwe mumtsinje, komanso deralo linali losowa madzi, choncho ankayenera kuyeretsedwa kuti abwererenso m'fakitale. Choyamba ndinkayengula phula lija. Kenaka ndinkathira layimu kuti ukali uja uphwe. Akatero madziwo ankalowa m'thanki yaikulu ya simenti, yokula kuposa bwalo la tchalitchi chathu, mmene makina ankapoperamo mpweya usana ndi usiku. M'thankimo munali matope ofiirira, ndipo matopewo anali amoyo. Munali tizilombo tosaoneka ndi maso timene tinkadya poizoni wa m'madziwo. Akachoka mmenemo madzi ankadikha m'thanki ina, n'kudutsa mumchenga ndi m'makala otsala m'ng'anjo ija, ndipo ankatuluka oyera, n'kubwerera kukaziziritsa makina.

“Mapampu aliyense akhoza kuwaphunzira,” anatero a kapitawo tsiku loyambalo. “Koma matopewa ndi ziweto. Ukawamana chakudya amafa, ukawapatsa chambiri amafanso. Akafa, fakitale yonse imaima mpaka ena atakula, ndipo amachedwa kukula.”

Ndinaiphunzira thankiyo monga mmene munthu amaphunzirira khola lake. Thovu loyera ndi lopepuka linkandiuza kuti matope ndi aang'ono. Thovu lokhuthala, lofiirira kwambiri, linkatanthauza kuti akalamba ndipo ena achotsedwe. Zinthu zikakhala bwino thanki inkanunkhira ngati dothi la mvula yoyamba. Mmawa uliwonse ndinkatunga madzi ake m'botolo, n'kuliimika pakhoma, n'kumayang'ana mmene matope akutsikira pansi. Sindibisa, ndinkanyadira. Ndikaona madzi oyera akukwera m'paipi yobwerera ku fakitale ndinkadziuza kuti anthu a mafuta aja, ndi maovolosi awo audongo, akuyendera ine.

Tinkagona m'nyumba zazitali za kampani, amuna okhaokha, mabedi osanjikizana. Munali anthu a ku Mozambique, a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho. Fungo la madzi akuda aja linkandilowa m'khungu moti sopo ankalephera.

“Achimwene, khalani cha uko,” ankatero Che Sumaili ndikalowa. “Mukununkha ngati mlamba wowamba wa mumsika wa Limbe. Mundipatsa njala.”

Onse ankaseka, inenso ndinkaseka, ndipo iwo omwewo ankasendera kuti ndikhale pafupi nawo n'kundikankhira mbale. Anali munthu wotero. Akaphika ankaphika za anthu asanu ngakhale tili awiri. Munthu akadwala, ndi iwo ankamuperekeza kuchipatala. Nditadwala chifuwa m'nyengo yozizira yoyamba ija anandifunditsa bulangete lawo, iwo n'kugona ndi jekete. Ndikunena zimenezi kuti wina asaganize kuti ndinkachitira nsanje munthu woipa. Akanakhala woipa zikanandipepukira.

Nyengo yodula nzimbe ikatha, kumayambiriro kwa Disembala, fakitale inkatseka kuti makina akonzedwe. Anthu ankayamba kugula katundu, ndipo m'nyumba zija munkadzaza zikwama zazikulu za mizere yofiira ndi yabuluu. Inenso ndinagula changa. Ndinaikamo nsalu za mayi a Tiyamike, mafuta ophikira, tinsapato tofiira ndi chidole. Ndili pakati pomanga, a kapitawo anandiitanitsa.

“Iwe ukupita kuti?”

“Kwathu, bwana. Fakitale ikutseka.”

“Ng'anjo ikutseka. Kodi matope nawonso amatseka? Wa ku thanki sapita kwawo pa Khirisimasi. Sanakuuze?”

Palibe amene anali atandiuza. Fakitale ikaima madzi akuda sankabweranso, choncho tizilombo tija tinkafunika kudyetsedwa pamanja: madzi akuda osungidwa m'dziwe pang'onopang'ono, molasesi, uchi wakuda uja wotsala popanga shuga, ndi feteleza pang'ono. Mpweya sunkayenera kuima. Anandiuza kuti ndikhoza kupuma masiku ochepa pakati pa chaka, koma masikuwo sankakwanira ulendo wa ku Blantyre, kupita ndi kubwera.

Chikwama changa anachinyamula Che Sumaili. Umenewo ndi mwambo wathu kumeneko. Wopita kumudzi amanyamula za wotsala, amakazipereka yekha pakhomo, amakhala pansi, amadya, ndipo pobwerera amadzafotokoza zimene waona. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu ndipo ndinawathokoza kuchokera pansi pa mtima.

Patapita masiku mayi a Tiyamike ananditumizira chithunzi pa foni. Mwana wanga anali pamapewa a Che Sumaili, atagwira chisoti chawo, kumapazi kuli nsapato zofiira. Ankaseka, mano onse pamtunda. Ndinachiyang'ana chithunzicho nditakhala pakhoma la thanki, fakitale yonse ili zii, kukumveka makina a mpweya okha.

Chaka chotsatira zinali chimodzimodzi, chinacho chimodzimodzinso. Ndinkasankha katundu m'masitolo ndi maso anga, ndinkamumanga ndi manja anga, koma ku Zingwangwa ankafika ndi nkhope ya munthu wina.

“Nsapato za ankolo zatha,” anandiuza mayi a Tiyamike tsiku lina pa foni.

“Za ankolo? Ndinagula ndine.”

“Ndimamuuza, bambo a Tiya. Koma mwana amadziwa dzanja limene lamupatsa.”

Atakula pang'ono tinayamba kulankhulana pa foni yoonana nkhope. Ankaima chilili ngati ali pamaso pa mphunzitsi wamkulu. “Muli bwanji bambo? Ine ndili bwino. Sukulu ikuyenda bwino.” Akatero ankayang'ana mayi ake kuti amumasule. Koma Che Sumaili akangodutsa kumbuyo kwanga ndi poto m'manja, nkhope ya mwana uja inkasintha. “Ankolo, galu wa kwa aneba uja waswa. Ankolo, dzino lija latuluka.” Ndinkawapatsa foni, n'kutuluka panja ngati ndikukachapa.

Akabwerako ku tchuthi ankandifotokozera zonse mosabisa, monga mwambo ukunenera. Ndi kwa iwo kumene ndinamva kuti mwana wanga ndi wamanzere, kuti amaopa nkhuku yofungatira, kuti sadya tchipisi chopanda tsabola, kuti akakwiya amakhala chete n'kumakolopa m'nyumba ngakhale muli moyera. Ndinkamvetsera ndikudya, mutu uli m'mbale, ndikufuna kuti asiye komanso ndikuopa kuti asiya. Iwo anali ndi ana aamuna okhaokha ku Mbayani, ndipo ankati Tiyamike ndiye mwana wawo wamkazi.

“Mwana wa mnzako ngwako yemwe, achimwene.”

Ndinavomera ndi mutu. Mumtima ndinati mwambiwo suuza mnzakoyo chimene atsale nacho.

Nthawi zina a kapitawo ankanditumizira anthu kuti ndiwaphunzitse za thanki. Wina ankaiwala kutseka paipi ya layimu. Wina ankanyansidwa ndi fungo. Wina ankangokhalira foni. Onse ndinkawabweza, ndipo ndikukhulupirira mpaka lero kuti ndinali ndi zifukwa zomveka. Chinthu chamoyo sungachisiye m'manja mwa munthu amene sakuchimvera chisoni.

Chaka china, nzimbe zili pafupi kutha, mayi a Tiyamike anandiimbira masana, nthawi imene sankaimba.

“Mwana wanu wandifunsa funso.”

“Lotani?”

“Akuti kodi bambo ali ndi banja lina kumeneko? Akuti anzake onse a ku Joni abambo awo amabwera. Ine ndayankha zimene ndikudziwa, koma sindikudziwa ngati wakhulupirira. Wakula uyu, chaka chamawa alowa sekondale.”

Sindinauze munthu, koma Che Sumaili anaona kuti sindikudya. Atandiumiriza ndinawafotokozera. Anapukuta manja.

“Chaka chino pitani inuyo. Thanki ndikhala nayo ine.”

“Simuidziwa.”

“Mundiphunzitsa. Khirisimasi si yanga ine, ana anga ndikawaona pa Idi ndikapempha masiku. Matope okhaokhawo angandikanike, ine wokonza mainjini?”

Munthu wina akanagwetsa misozi yothokoza. Chimene chinabwera mwa ine choyamba chinali china: mwana wanditengera kale, tsopano akufunanso thanki. Ndinadzidzudzula, ndinavomera, koma ganizolo silinachoke. Ndinawaphunzitsa masabata amene anatsala. Ndinawaonetsa botolo, thovu, muyeso wa molasesi, ndi paipi yochokera kudziwe la madzi akuda.

“Iyi muzitsegula pang'ono chabe. Ngakhale muone ngati ali ndi njala, musawonjezere.”

“Ndamva, achimwene. Alendo anu a m'thankiwa ndiwasamala.”

Zingwangwa ndinaipeza itapanikizana kuposa mmene ndinaisiyira. Pamene panali bwalo la mpira wa ana panali nyumba za lendi. Chitseko cha kwathu chinali chopaka utoto wobiriwira, ndipo ndisanafunse mayi a Tiyamike anandiuza kuti anapaka ndi Che Sumaili chaka chatha, pamodzi ndi kukonza loko. Kenaka anatuluka mtsikana wamtali, wofanana ndi malemu mayi anga moti ndinatsala pang'ono kugwetsa chikwama. Anagwada bwinobwino, anandipatsa moni wa manja awiri, nandifunsa za ulendo. Atatha, anasuzumira kumbuyo kwanga, kunjira yochokera kokwerera minibasi.

“Ankolo akubwera pambuyo?”

“Ayi. Atsala ku ntchito.”

“Oho.” Ananyamula chikwama n'kulowa nacho m'nyumba.

Madzulo ake ndinatsegula katundu. Ndinamutulutsira diresi la pinki la maluwa, ndi nsapato. Analandira ndi manja awiri, anathokoza, anazipinda bwino, n'kupita nazo kuchipinda. Sanaziyese. Mayi ake anadikira kuti atseke chitseko.

“Zimenezo zikanamukwana zaka zitatu zapitazo. Ndipo pinki anasiya kalekale.”

“Nanga zaka zonsezi bwanji zinkamukwana?”

Anandiyang'ana ngati akuyeza ngati ndingapirire. “Munkagula zazing'ono nthawi zonse. Che Sumaili ankayamba adutsa ku Limbe kwa mnzawo wa sitolo, n'kusinthitsa. Anandipempha kuti ndisakuuzeni.”

Ndinatuluka panja n'kukaima pafupi ndi mpopi wouma. Ngakhale nsapato zofiira za pachithunzi zija, ndiye kuti sizinali zimene ndinasankha ine.

Masiku otsatira ndinayesetsa. Ndinamutengera ku msika kukagula tchipisi, ndipo ndinauza wokazingayo kuti athire tsabola wambiri, kuti aone kuti ndikumudziwa. Anadya mwaulemu. Ndikamufunsa funso ankayankha lomwelo basi. Ndikalowa pabalaza ankatsitsa miyendo pampando n'kukhala bwino. Ndinali mlendo wolemekezeka m'nyumba imene ndinamanga, ndipo tsiku lililonse Che Sumaili akaimba kudzanena za thanki, iye ndi amene ankathamangira foni, n'kucheza nawo kaye asanandipatse.

Mmawa wina, chaka chatsopano chitangolowa, madzi anali atasiya kutuluka m'mipopi ya kwathu kwa masiku angapo. Ndinali kuseri kwa nyumba ndi mayi ake, tikukhuthulira madzi ochapira m'ndowa kuti akagwire ntchito kuchimbudzi. Tiyamike anabwera ndi foni, nkhope ili yodandaula.

“Ankolo akuti ndi zachangu.”

Manja anga anali a sopo, choncho anandigwirira foniyo iye. Che Sumaili analozetsa foni yawo ku thanki kuti ndione. Thovu linali lotuwa, lothimbirira, ndipo m'botolo madzi anali ambuu, matope osatsika.

“Kukununkha bwanji?” ndinafunsa.

“Ngati mazira owola, achimwene.”

“Paipi ya kudziwe munaitsegula bwanji?”

Anazengereza. “Ndinaona ngati akuwonda. Thovu linayera kwambiri. Ndinati alendo a achimwene asafe ndi njala ine ndilipo, ndiye ndinawonjezera pang'ono. Dzana ndinawonjezeranso.”

Ndinadziwa kuti atero. Munthu amene amaphika za anthu asanu pali awiri sakanatha kupatsa chamoyo chakudya choperewera. Ndipo ndinamva kanthu kotsekemera pakhosi, chifukwa mwana wanga anali pomwepo, akumva ankolo ake akulephera chinthu chimene ine ndimachidziwa.

Ndinalankhula pang'onopang'ono kuti nayenso amve. Ndinawauza kuti atseke paipiyo kotheratu, ayatse makina onse a mpweya, athire layimu pang'onopang'ono akuyeza, asapereke molasesi mpaka fungo litasintha, ndipo apemphe a kapitawo atumize galimoto ku malo oyeretsera zonyansa za m'tauni kukatenga matope amoyo odzasakaniza. Ndisanamalize, pa foni panaoneka nkhope ya a kapitawo.

“Kwera basi mawa. Nzimbe zikayamba thanki ili chonchi, mabwana adzafuna mutu wa munthu. Ukapanda kubwera, ntchitoyi ndiipereka kwa amene ali pano.”

Ndinayang'ana dzanja limene linagwira foni. Linali lamanzere. Ndinali nditakhala naye masabata owerengeka, ndipo anali asanandisekerepo. Ndikanakwera basi, funso limene anafunsa mayi ake lija likanayankhidwa, ndipo likanayankhidwa molakwika.

“Sindibwera, bwana. Che Sumaili achita zimene ndawauza.”

Foni itaduka, mayi ake anakhala pa ndowa yovundikira. Tiyamike anandiyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba.

“Ndiye zaka zonsezi munkatsalira matope?”

Ndinamufotokozera zonse: madzi akuda, phula, layimu, tizilombo, madzi oyera obwerera m'fakitale, ndi anthu ochuluka amene ntchito yawo inkadalira thanki imeneyo. Ndinalankhula nthawi yaitali, mwina kuposa mmene zinkafunikira. Anamvetsera mpaka kumapeto.

“Ndiye ngati inu simupita, atsale nayo ndi ankolo?”

“Akaipulumutsa, ndi yawo.”

“Adzabwera liti?”

“Wa ku thanki sapita kwawo mu Disembala.”

Anaika foni pazenera, analowa m'nyumba, ndipo posakhalitsa ndinamva ndowa ndi chikolopa. Nditasuzumira ndinamuona atagwada pabalaza pamene anali atakolopa kale mmawa womwewo, misozi ikugwera pasimenti. Mayi ake anandiuzapo kuti mwanayo sanandilirirepo ine ngakhale kamodzi.

Thanki inapulumuka, ndipo Che Sumaili anapatsidwa ntchitoyo. Ine ndinabwerera ku mipope yanga, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndinayamba kupita ku koleji kukaphunzira za madzi, kuti zimene manja ankadziwa zikhale ndi pepala. Moyo unavuta kuposa kale, ndipo mayi a Tiyamike sanabise kuti akuona choncho. Koma ndinali ndi chitonthozo chimene sindinkauza munthu. Ndinkati tsopano akhale iwo pakhoma lija, amve makina a mpweya fakitale ili zii. Disembala ndi wanga.

Ndi Tiyamike zinkayenda pang'onopang'ono. Madzi akasowa tinkapita limodzi kukatunga kumpopi wogulitsa, iye patsogolo ine pambuyo ndi wilibala. Tsiku lina anandifunsa za masamu. Tsiku linanso anaiwala kutsitsa miyendo pampando nditalowa, ndipo ndinanamizira kuti sindinaone, kuopa kuti angakumbukire. Zinali zazing'ono, koma ndinkazisunga.

Mvula yoyamba itagwa, anabwera kuchokera kusukulu akumwetulira kumwetulira kumene ndinkakudziwa pa foni pokha.

“Ankolo akubwera mwezi wamawa.”

“Sizingatheke. Nanga thanki?”

“Aphunzitsa anthu awiri a ku Mozambique. Akuti azisinthana, chaka chino atsale awiriwo, chaka chamawa wina apite. Akuti a kapitawo avomera.” Anavula chikwama cha mabuku. “Akuti kuphunzitsa munthu sikovuta, bola kumulola alakwitse kamodzi.”

Sananene mondinyoza. Anangobwereza zimene anamva. Koma mayi ake, amene ankasankha nyemba pakhomo, anaimitsa manja, ndipo sanandiyang'ane.

“Aipha,” ndinatero. “Anthu a chaka chimodzi sangasunge thanki imeneyo. Muona.”

Che Sumaili anafika pakhomo pathu Loweruka masana, atanenepa pang'ono, atanyamula chikwama ngakhale panalibenso wowatuma. Tiyamike anawachingamira kumsewu. Ine ndinaima pakhonde. Anandikumbatira, ndipo m'malaya mwawo ndinamva fungo lija la mwaye ndi viniga.

“Mlamba wowamba tsopano ndine, achimwene,” anatero akuseka. “Alendo anu ali bwino, anenepa. Thovu lake mutaliona mungalire.”

Tinali titagula nyama ya mbuzi kwa Asilamu a ku Mbayani kuti adye momasuka, ndipo mayi a Tiyamike anaphika mpunga. Tiyamike anagwada ndi jagi ndi beseni, anayamba kusambitsa mlendo, kenaka ine. Ndi mmene ziyenera kukhalira, ndipo ndikanamudzudzula akanayamba ine, komabe ndinaziona. Che Sumaili anatulutsa foni m'thumba n'kuiika patebulo pafupi ndi mbale yanga.

“Anyamata aja ndawauza kuti chikavuta chilichonse aimbe.”

Anayamba nkhani zawo. Anafotokoza za galimoto ya matope a m'tauni imene inatayikira panjira, za a kapitawo akuthawa fungo atagwira mphuno, za mmene iwo anagonera pakhoma la thanki akupempherera tizilombo m'Chiyao. Mayi a Tiyamike ankaseka mpaka kupukuta maso ndi chitenje. Tiyamike ankawonjezera mafunso. Ine ndinkayang'ana foni ija. Ndinkawerengera mumtima kuti fakitale yatseka liti, kuti anthu awiriwo ayamba liti kudyetsa pamanja, ndi kuti munthu wosazolowera amatenga nthawi yotani asanatsegule paipi mopitirira. Inali nthawi yake yeniyeni. Ndinkaifuna kuti ilire. Ndinkafuna kuti mawu amantha amveke patebulo pomwepo, Che Sumaili asowe choyankha, foni idutse pamwamba pa mbale kubwera kwa ine, ndipo aliyense m'nyumbamo adziwe kuti zaka zija sindinazitaye pachabe. Galasi lake likangowala pang'ono ndinkasuzumira, koma ankakhala mauthenga a moni.

Sindikudziwa kuti ndinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Ndinangoona dzanja lamanzere likutola foni ija, kuitembenuza chafufumimba, n'kuikankhira kumbali ya mwini wake. Che Sumaili anali akadali pakati pa nkhani, mayi a Tiyamike akusekabe. Tiyamike sankayang'ana iwo. Anasendeza mbale ya nyama kufupi ndi ine, n'kulankhula motsitsa mawu kuti timve awiri.

“Sakuimbirani, bambo. Idyani, mpunga ukuzizira.”